Momwe mungakonzekerere mafunso a general knowledge polowa ntchito m'boma

Boma likalengeza mipata ya ntchito kudzera ku Civil Service Commission kapena ku makomishoni a aphunzitsi, azaumoyo ndi makhonsolo, aliyense amathamangira kujambulitsa masatifiketi ndi kulemba kalata. Akaitanidwa, wa zaulimi amatsegula manotsi ake a ku koleji, wa akaunti nayenso ake. Zimenezo n'zoyenera. Chomwe chimatsalira ndi mafunso aja ofunsa za dziko lenilenilo: mitsinje, zaka, malamulo, matenda, olemba mabuku. Ambiri amawasiyira usiku womaliza, n'kuyamba kuloweza mndandanda wa mafunso ndi mayankho womwe wina waponya pa gulu la WhatsApp.

Ine mindandanda yotereyi sindiikhulupirira. Zina zomwe zili m'menemo zinasintha kalekale, ndipo ngakhale zoonazo zimathawa m'mutu chifukwa sizinagwirane ndi kanthu. Wofunsa akangolitembenuza funso pang'ono, munthu amangoti kakasi. Njira yomwe ndikufotokoza pano imafuna kope limodzi, atlasi ya kusekondale, wailesi ndi masabata angapo. Mfundo iliyonse muziimangirira pa malo, pa chaka, kapena pa chinthu chomwe mumachiona tsiku ndi tsiku.

1. Gawani kope lanu pawiri

Kutsogolo kwa kope muzilemba ndi bolopeni zinthu zosasintha, monga kutalika kwa nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, komwe ndi mamita 3,002, kapena chaka cha 1975 chomwe likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Kumbuyo muzilemba ndi pensulo zinthu zosintha, ndipo pambali pa chilichonse muziika tsiku lomwe mwachitsimikizira.

Mbali ya pensuloyi ndi yomwe imagwetsa anthu anzeru. Manotsi ambiri akunenabe kuti Nyumba ya Malamulo ili ndi aphungu 193, pomwe pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 madera anali 229. Ena akunenabe kuti chaka cha zachuma cha boma chimayamba mu Julayi, chonsecho kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Mabuku akale amati maboma alipo 24 kapena 27, koma panopa alipo 28. Mukanena kuti ESCOM ndiyo imapanga magetsi, mwabwerera m'mbuyo, chifukwa ntchito yopanga inapita ku EGENCO, ESCOM inatsala ndi yofalitsa ndi kugulitsa. Polytechnic ija tsopano ndi MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS mu 2021. Mayina a nduna, mlembi wamkulu wa unduna womwe mukufunsira ntchito, ndi mkulu wa makhoti, onsewo ndi a pensulo.

2. Jambulani mapu ndi dzanja lanu

Musangoyang'ana atlasi. Tengani pepala, jambulani Malawi, muikemo maboma 6 a kumpoto, 9 a pakati ndi 13 a kummwera. Poyamba mapuwo adzakhala okhota, palibe vuto. Kuti maboma akhazikike m'mutu, yendani ndi chala mu msewu wa M1 kuchokera ku Songwe, m'malire ndi Tanzania: Karonga, Rumphi, Mzimba, Kasungu, Dowa, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka, pa Zalewa ku Neno, Blantyre, Chikwawa mpaka Nsanje. Kenaka wonjezerani omwe msewuwo suwakhudza. Kumbukirani kuti Mzuzu ndi mzinda, uli m'boma la Mzimba, ndipo zilumba za Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi ngakhale zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique.

Mukatero tsatirani mtsinje wa Shire, ndipo apa musafulumire, chifukwa mtsinje umodziwu wanyamula mayankho a mafunso ambirimbiri. Shire ndi mtsinje wokhawo wotuluka m'nyanja ya Malawi. Umatulukira ku Mangochi, kudutsa m'nyanja ya Malombe, kupyola nkhalango ya zinyama ya Liwonde, n'kufika pa Kamuzu Barrage pomwe amachepetsa kapena kuonjezera madzi opita kumunsi. Chifukwa chiyani amatero? Chifukwa kumunsiko mtsinjewu umatsika mathithi, ndipo pa mathithi amenewa ndi pomwe pali Nkula, Tedzani ndi Kapichira, malo opangira magetsi ambiri a dziko lino. Mukamvetsa zimenezi, funso lakuti n'chifukwa chiyani kudula mitengo ku Balaka kapena ku Neno kumazimitsa magetsi ku Lilongwe silingakuvuteni: nthaka yokokoloka ndi namasupuni zimatseka polowera madzi m'makina. Mudzakumbukiranso kuti namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, anaononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130.

Mathithi omwewo ali m'mbiri. Mu 1859 sitima ya David Livingstone inalephera kupitirira pa Kapichira, ndiye anayenda wapansi mpaka kukaona nyanja ya Chilwa, kenaka nyanja ya Malawi m'chaka chomwecho. Pambali pa Kapichira pali Majete, ndipo kumunsi kwake kuli Lengwe, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi dambo la Elephant Marsh. Pa Chiromo, mtsinje wa Ruo wochokera ku Mulanje umathira mu Shire, ndipo Shire amakathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique.

Pambali pa mapuwo lembani kuti nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulukamo, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere pang'ono ndipo imaphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana. Lembaninso kuti kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndi kuti UNESCO inazindikira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza mu 2006.

3. Mbiri muiyambire m'thumba mwanu

Tulutsani ndalama za mapepala muziyale patebulo. Pa K20 pali Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, pa K50 Inkosi ya Makhosi Gomani II, pa K100 James Frederick Sangala, pa K200 Rose Chibambo, pa K500 ndi K2,000 John Chilembwe, pa K1,000 ndi K5,000 Kamuzu Banda. Dzifunseni kuti aliyense anachita chiyani kuti nkhope yake ikhale pamenepo. Mukayankha bwino, mwaphunzira msana wonse wa mbiri yomenyera ufulu.

Chilembwe anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900. Anaukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, ngakhale tsiku lomukumbukira ndi 15 Januwale, ndipo masiku awiriwa amasokoneza anthu ambiri. Musaime pa tsiku lokha. Dziwani zomwe zinamuwawa: thangata m'minda ya azungu monga ya A.L. Bruce ku Magomero, msonkho wa nyumba, ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo yoyamba ya dziko lonse yomwe sinali yawo. Mmodzi mwa azungu omwe anaphedwa ku Magomero anali William Jervis Livingstone, osati David uja, yemwe anali atamwalira kale mu 1873 ku Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia.

Sangala anali mmodzi mwa omwe anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Gomani II anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinayamba mu 1953, ndipo atsamunda anamuchotsa pampando. Chitaganyacho ndi chomwe chinachititsa achinyamata a Congress kuitana Kamuzu, amene anafika pa 6 Julayi 1958. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linamanga atsogoleri ndipo anthu anaomberedwa ku Nkhata Bay, n'chifukwa chake tsikuli timakumbukira ofera dziko. Rose Chibambo anali mmodzi mwa omangidwa m'chaka chimenecho. Chitaganya chinatha mu 1963, ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, ndipo pa 6 Julayi 1966 dziko linakhala ripabuliki. Onani kuti 6 Julayi wabwera katatu. Funso likati "chinachitika n'chiyani pa 6 Julayi", mvetserani chaka.

Za pambuyo pake zilumikizeni chimodzimodzi. Kalata ya maepisikopi a Katolika ya mu Malichi 1992 inatsegula pakamwa pa anthu, riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inasankha zipani zambiri, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinalowetsa Bakili Muluzi. Bingu wa Mutharika anamwalira ali pampando mu Epulo 2012, Joyce Banda n'kulowa monga malamulo amanenera. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, chibwereza n'kuchitika pa 23 Juni 2020, ndipo kuchokera pamenepo wopambana amayenera kupeza mavoti oposa theka.

4. Dziwani bwana yemwe mukufuna kumugwirira ntchito

Zimandimvetsa chisoni kuona munthu wofuna ntchito m'boma asakudziwa momwe bomalo limayendera. Pezani buku la malamulo oyendetsera dziko lino, muwerenge mutu 4 wonena za ufulu wachibadwidwe. Muthe kufotokoza nthambi zitatu za boma, yolamula, yopanga malamulo ndi ya makhoti, ndi momwe iliyonse imaletsera inzake kupyola malire. Mudziwe ntchito ya Ombudsman, ya Anti-Corruption Bureau, ya bwanamkubwa wa boma, ndi tanthauzo la mphamvu ku anthu, ndondomeko yomwe inakhazikika ndi lamulo la maboma aang'ono la 1998. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ali ndi nsanamira zitatu: ulimi wopindulitsa ndi wamalonda, mafakitale, ndi kukula kwa mizinda. Konzekerani kunena kuti ntchito yomwe mukufunsira ikugwera pa nsanamira iti.

5. Sayansi muitole pakhomo

Simukufunika kubwereza silabasi yonse ya MSCE. Yambani ndi zomwe zimavutitsa anthu kwanuko. Malungo amayamba ndi kachilombo ka Plasmodium, ndipo udzudzu waukazi wa Anopheles umangokanyamula. Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu ndondomeko yoyeserera ya 2019. Likodzo limadzera m'nkhono za m'madzi odikha. Kolera ndi bakiteriya wofala ndi madzi ndi chakudya chodetsedwa, ndipo chomwe chimapha wodwala ndi kutha kwa madzi m'thupi, n'chifukwa chake Thanzi ORS amapulumutsa moyo.

Kenaka werengani zolembedwa pa thumba la feteleza. Zilembo za NPK zikuimira nitrogen, phosphorus ndi potassium. Phosphorus amalimbitsa mizu, n'chifukwa chake amakhala mu feteleza wokulitsa, pomwe urea wobereketsa ali ndi nitrogen wokwana 46 pa 100 alionse. Za nyengo nazo zili pakhomo: chiperoni ndi mpweya wachinyezi wochokera ku nyanja ya Indian Ocean, womwe umabweretsa mvula yowaza m'nyengo yozizira n'kuthandiza tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, pomwe mwera ndi mphepo ya kummwera yomwe asodzi amaiopa panyanja.

6. Mabuku ndi za kunja

Apa musadzilemetse. Wolemba aliyense mumudziwe ndi buku limodzi ndi mfundo imodzi. Samuel Josia Ntara analemba Nthondo, lomwe linatuluka mu 1933. Legson Kayira anayenda wapansi mpaka ku Sudan kufunafuna maphunziro, nkhani yomwe ili mu I Will Try. Jack Mapanje, mlembi wa ndakatulo za Of Chameleons and Gods, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Nyimbo ya fuko anaipeka ndi Michael Sauka. Kunja kwa dziko lino, Things Fall Apart ya Chinua Achebe inatuluka mu 1958, ndipo Wole Soyinka analandira mphoto ya Nobel mu 1986.

Mabungwe a mayiko muwaike pa mapu aja: likulu la SADC lili ku Gaborone, la COMESA ku Lusaka, la African Union ku Addis Ababa. Malawi linali nawo poyambitsa SADCC ku Lusaka mu 1980, lomwe linasanduka SADC mu 1992, ndipo Bingu anakhalapo wapampando wa African Union mu 2010.

7. Yankhulani mokweza, m'Chingerezi

Kudziwa chinthu mumtima ndi kuchinena pamaso pa anthu anayi ovala masuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pezani anzanu awiri, muzikumana kawiri pa sabata, wina azifunsa, wina aziyankha ataimirira, wachitatu aziyang'ana m'kope ngati yankholo ndi loona. Funsanani m'Chingerezi, poti ndicho chiyankhulo cha intavyu ya boma, ngakhale mutakhala kuti mwamvetsetsa nkhaniyo m'Chichewa. Tsiku lililonse mverani nkhani za pawailesi ndipo mulembe mitu itatu m'mbali ya pensulo. Nyuzipepala ngati simungathe kugula, mukaziwerengere ku laibulale ya National Library Service.

Pamayeso olemba osankha yankho, yambani mwachotsa mayankho omwe mukudziwa kuti ndi olakwa, ndipo funso lovuta mulidumphe mudzalibwerere. Pa intavyu, chaka chikakuthawani musapeke. Nenani mwaulemu kuti chaka chenicheni simukuchikumbuka, kenaka perekani zomwe mukudziwa, monga kuti zinachitika chitaganya chitatha koma dziko lisanakhale ripabuliki. Yankho lanu lizikhala ndi ziganizo zitatu: mfundo, chifukwa chake, ndi chitsanzo. Akakufunsani chifukwa chomwe Chikwawa ndi Nsanje kumasefukira madzi kawirikawiri, nenani kuti chigwacho n'chotsika ndi chathyathyathya, kuti chimalandira madzi a Shire pamodzi ndi a Ruo ndi mitsinje ina yochokera kumapiri komwe mitengo inatha, ndipo mutchule zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023.