Kusunga maonekedwe amodzi a bizinesi yaing'ono

Kodi bizinesi yaing'ono ingatani kuti makasitomala aziizindikira msanga?

Choyamba, yalani pamodzi chithunzi cha chikwangwani, malisiti, mapaketi ndi tsamba la Facebook kuti muone pamene zikusiyana. Kawirikawiri mudzapeza logo (chizindikiro cha bizinesi yanu) yokokedwa mpaka kupindika, kapena mitundu ya utoto yosintha malinga ndi wosindikiza, zomwe zimasokoneza kasitomala, pakuti diso limagwira mtundu lisanawerenge dzina.

Kenako sankhani mitundu iwiri kapena itatu ndi kalembedwe kamodzi ka zilembo. Lembani manambala a mitunduyo (amene kompyuta imagwiritsa ntchito pozindikira mtundu uliwonse), chifukwa mawu akuti "buluu" aliyense amawamva mwakemwake. Logo muisunge mu fayilo ya SVG, imene siwonongeka ikakulitsidwa.

Pomaliza, lembani zonsezi pa tsamba limodzi ndipo muzilipereka kwa aliyense wokusindikizirani zinthu.