Phindu la mbatatesi pa tchati: measure kapena calculated column?

Alembi ena a makoparetivi kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu anasiya kulemba malonda m'kope, tsopano akulemba mu Excel. Ena afika pojambula matchati mu Power BI, pulogalamu ya Microsoft imene inatuluka mu 2015. Power BI Desktop ndi yaulere, bola kompyuta ikhale ya Windows. Koma pali malo amodzi pamene ambiri mukupunthwa. Mukafuna kuwerengetsa phindu, pulogalamuyi imakuikirani mabatani awiri, New column ndi New measure. Onse awiri amalandira fomula ya DAX, chilankhulo cholembera mafomula mu Power BI, ndiye munthu amangodina limene dzanja lafikira.

Calculated column, kolamu imene imapangidwa mukadina New column, imagwira ntchito mzere ndi mzere. Imayenda m'tebulo lonse, kuwerengetsa yankho la mzere uliwonse n'kulisunga m'fayilo, ndipo siliwerengetsanso mpaka mutachita refresh, kutanthauza kuuza pulogalamuyi kuti itengenso manambala atsopano. Measure sisunga yankho. Imadikira kuti muyiike pa tchati, kenako imawerengetsa pompo malinga ndi zimene mwasankha: msika wa Lizulu wokha, mwezi wa Ogasiti wokha, kapena chaka chonse.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Koparetivi ya ku Bembeke yagulitsa mbatatesi kawiri. Mnyamata wokazinga tchipisi watenga matumba 2 pa K100,000, ndipo phindu lanu pamenepo ndi K40,000, kutanthauza 40 peresenti. Venda wobwera ndi lole kuchokera ku Lilongwe watenga matumba 40, wanenerera mtengo mpaka mwagwirizana K2,000,000, phindu K200,000, yomwe ndi 10 peresenti. Mukapanga calculated column ya peresenti, mzere woyamba ulemba 40, wachiwiri 10, ndipo mpaka apa palibe cholakwika. Vuto limayamba mukaikokera pa tchati. Power BI ikaona kolamu ya manambala imathamangira kuphatikiza, ndiye ikuonetsani 50. Mukazindikira n'kusintha kuti ikhale Average, ikupatsani 25. Nambala imeneyi ndiye yoopsa, chifukwa imaoneka yomveka. Yatenga matumba 2 a mnyamata uja n'kuwapatsa mphamvu yofanana ndi matumba 40 a venda. Phindu lenileni ndi K240,000 pa K2,100,000, yomwe ndi 11.4 peresenti basi.

Tsono taganizirani a wapampando ataimirira pa msonkhano waukulu wa mamembala, tchati chili pakhoma, akulengeza kuti chaka chino tapindula 25 peresenti. Anthu awomba m'manja, ena ayamba kale kuwerengera za feteleza. Tsiku logawana likafika ndalama n'kupezeka zosakwana, woyamba kulozedwa chala ndinu a mlembi, pomwe simunadye ngakhale tambala.

Ndiye chilichonse chogawa nambala ndi nambala inzake, kaya peresenti ya phindu, mtengo wa pa kilo, zokolola pa ekala, kapena gawo la ngongole limene labwezedwa, chipangeni measure. Ngati tebulo lanu dzina lake ndi Malonda, ndipo lili ndi makolamu a Phindu ndi Ndalama, ya phindu ilembedwe chonchi:

Peresenti ya phindu = DIVIDE(SUM(Malonda[Phindu]), SUM(Malonda[Ndalama]))

Iyi imayamba yaphatikiza phindu lonse ndi ndalama zonse, kugawa kumabwera pamapeto. Gwiritsani ntchito DIVIDE osati kachizindikiro kogawira, chifukwa mwezi umene simunagulitse kanthu DIVIDE imangosiya malo opanda kanthu m'malo mokulemberani zachilendo pa tchati. Ngati tebulo lanu lili ndi matumba ndi mtengo wa thumba lokha, musavutike kupanga kolamu yochulukitsa. Fomula ya DAX yotchedwa SUMX imatha kuchulukitsa mzere uliwonse n'kuphatikiza zonse mkati mwa measure momwemo.

Nanga calculated column tiitaye? Ayi. Ili ndi ntchito imene measure singaigwire, yomwe ndi kuika zinthu m'magulu. Mukafuna slicer (kabokosi kodina posankha zimene tchati ionetse) yosankhira mbatatesi ya dzinja kapena ya kudimba, kapena mukafuna kusiyanitsa ogula pang'ono ndi ogula chipiku, pamafunika kolamu, chifukwa mzere uliwonse uyenera kukhala ndi dzina la gulu lake. Measure silowa mu slicer. Ine ndimakonda kuti kolamu zotere zipangidwe mu Power Query, gawo la Power BI lokonzera matebulo asanalowe, kapena mu Excel momwemo polemba malonda, kuti aliyense wotsegula fayilo azione kumene zachokera.

Mudzamvanso kuti calculated column imalemetsa fayilo. N'zoona, makamaka ikakhala ndi manambala ambiri osiyanasiyana, ndipo wogulitsa zipangizo zaulimi amene ali ndi malisiti a zaka zingapo adzaona laputopu yakale ikuvutika, bandulo ikutha potumiza fayilo. Koma kwa gulu la mizere mazana ochepa, kulemera si nkhani. Nkhani ndi nambala yabodza ija. Amene mukadali pa Excel, dziwani kuti Power Pivot, chida cha mu Excel, ili ndi njira ziwiri zomwezi, DAX yake ndi yomweyi.

Musanapite ndi tchati kwa a komiti, chiyeseni. Sankhani msika umodzi, monga Tsangano, tengani malisiti ake, muwerengetse pa kakyuleta ya pafoni, muone ngati zikugwirizana. Yang'ananinso mzere wa Total pansi pa tebulo. Peresenti ya pamenepo ikakhala yaikulu kuposa ya mzere uliwonse, dziwani kuti kolamu ikuphatikizidwa.

Chinanso chimene DAX singakukonzereni ndi thumba. Thumba losokedwa pakamwa ndi lija losokerera chisoti pamwamba onse timawatcha thumba, koma kulemera kwake n'kosiyana kwambiri. Measure ya mtengo wa pa thumba idzawasakaniza osadziwa. Ikani sikelo pamalo ogulitsira, ndipo m'tebulo la malonda muwonjezere kolamu ya makilogalamu, yolembedwa ndi dzanja tsiku lomwelo katundu akukwera lole.