Malangizo a cigubu ca petulo: cenjelani ndi magetsi a static

Welengani pepala ili musanathile petulo m'cigubu cimene mwagulaci, ndipo mulisunge pamalo poonekela kuti a m'nyumba onse aziliona. Za fodya ndi macisi aliyense amadziwa. Cimene ambili sadziwa n'cakuti thupi lanu, kapena cigubu ceniceni, cingatulutse kamoto kokwanila kuyatsa petulo.

Mwina munavulapo juzi mumdima usiku wa mu July, n'kuimva ikuthetheka, tumoto twabuluu tukuoneka pamanja. Kapena munagwila citseko ca motoka n'kumva ngati singano yakulasani kucala. Amenewo ndiwo magetsi a static, ndipo sacokela ku mawaya a ZESCO. M'cinthu ciliconse muli tinthu tosaoneka ndi maso tochedwa maelekitiloni. Zinthu ziwili zosiyana zikapekesana kenako n'kulekana, cimodzi cimalanda maelekitiloni a cinzake, ndipo zonse ziwili zimatsala ndi mphamvu ya magetsi. Citsulo cimene cakhudza nthaka cimataila mphamvuyo pansi nthawi yomweyo. Pulasitiki, labala, nayiloni ndi poliyesita sizilola magetsi kudutsa, motelo amangounjikana mpaka atapeza podumphila. Kulasa kuja munthu amayamba kukumva mphamvu ikafika pafupifupi ma volts 3,000.

Petulo nayenso amatenga mphamvu imeneyi akamathamanga m'paipi ya pampu ndi pamene akukhavukila m'cigubu. Nthunzi yake ndi yolemela kuposa mpweya katatu kapena kanayi, conco siuluka kupita kumwamba, imakwawa pansi n'kuunjikana m'malo otsika. Nthawi ya mvula cinyontho ca mumpweya cimathandiza kucotsa magetsiwa. Kuyambila June mpaka October, kukauma gwa ndi mphepo ya fumbi, ndi pamene muyenela kusamala koposa.

Mukafika pa filing'i sitesheni, tsitsani cigubu pansi. Cisathilidwe cili mu buti, pampando, kapena kumbuyo kwa vani. Apa tikugogomeza cifukwa ndi pamene ambili amalakwitsa: cigubu cayenda ulendo wonse cikukhukhuzika pa kapeti kapena pa pulasitiki woyala kumbuyo kwa vani, ndipo zinthu zimenezi zimatsekeleza magetsi kuti asatsike. Cikakhala pa simenti, mphamvuyo imapeza njila. Ngakhale pamzele pakhale anthu ambili ndipo ena akuliza hutala, musalole kuti wothila mafuta acithile cili pamwamba.

Pemphani wothilayo kuti kamwa ya pampu ikhudze kukamwa kwa cigubu kuyambila poyamba mpaka pomaliza, ndipo athile pang'onopang'ono. Cisadzale mpaka pakhosi. Lekezani pa 95 pelesenti, kutanthauza malita 19 m'cigubu ca malita 20, pakuti petulo amafufuma kukatentha. Tsekani mwamphamvu, ndipo ngati petulo wina watayikila kunja kwa cigubu, dikilani aume musanacikweze.

Ngati munakhala m'motoka, potuluka yambani mwagwila citsulo ca motokayo ndi dzanja lopanda magolovesi, kutali ndi pothilila mafuta. Kutsetseleka pampando kokhako n'kokwanila kukudzazani magetsi. Pa cifukwa comweco, musabwelele m'motoka mafuta ali mkati mothilidwa.

Kunyumba, zimitsani jeneleta ndi kuisiya izizile musanaithile. Citani zimenezi panja, osati m'khichini kapena m'galaji yotseka. Gwilani kaye citsulo ca jeneleta, ndipo mlomo wa cigubu kapena fanelo zikhudze thanki nthawi yonse. Musapukute cigubu ndi nsalu youma petulo ali pafupi, ndiponso musavule juzi kapena jekete pamalopo. Zovala za thonje ndizo zabwino pa nchitoyi. Zigubu za saladi ndi mabotolo a madzi sizinapangidwile petulo, musasamutsilemo ngakhale pang'ono.

Moto ukabuka pa sitesheni, musasolole kamwa ya pampu, cifukwa petulo woyaka adzamwazika paliponse. Isiyeni momwemo, thawani, ndipo fuulani kuti anchito azimitse mapampu. Musathile madzi: petulo amayandama pamadzi ndipo moto umafalikila nawo. Gwilitsani nchito cozimitsila moto ca ufa kapena mcenga ngati motowo ukali waung'ono, ndipo itanani ozimitsa moto pa 993.