Momwe mungasankhire ulendo wa tchuthi wa pa sitima yapamadzi ndi sitima yokuyenerani

Anthu ambiri akafuna kukapuma pa sitima yapamadzi amayambira pa mtengo. Amaona chithunzi cha sitima yoyera mbee, dziwe losambira pamwamba pake, mtengo wotsitsidwa pansi pa chithunzicho, basi n'kulipira. Akakwera m'pamene amazindikira kuti alowa sitima yaphokoso pomwe iwo ankafuna bata, kapena kuti mzinda umene ankaulakalaka auona maola asanu okha. Hotela ikakuipirani mumalongedza n'kusamukira ina, koma sitima ikachoka padoko muli momwemo mpaka tsiku lomaliza. Choncho nkhani ya mtengo ibwere pambuyo. Yambani motere.

Dzifunseni ngati mukupitira sitimayo kapena malo

Pali anthu amene chomwe akufuna ndi sitimayo: kudzuka dzuwa litakwera, kusambira, kudya zophikiridwa, kuonera zisudzo usiku ana akusewera kumalo awo. Kwa iwo doko n'longowonjezera, ena satsika n'komwe. Palinso ena amene sitima amaitenga ngati njira yokafikira kumalo amene akhala akufuna kuona, kaya ndi mabwinja a ku Athens kapena madzi oundana a ku Alaska. Onsewa sakulakwa, koma sayenera kukwera sitima imodzi.

Ngati mukuyenda awiri kapena banja lonse, kambiranani funsoli musanatsegule tsamba la kampani iliyonse. Kusamvana kwambiri m'sitima kumayambira pomwepa, wina akufuna kutsika mbandakucha pomwe mnzake akufuna kugona.

Sankhani kukula ndi mtundu wa sitima

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chifukwa kukula kwa sitima ndi kumene kumalamula madoko amene mungalowe, anthu amene mudzakhale nawo, ndi nthawi imene mudzataye pamzere.

Sitima zikuluzikulu ndi zimene zimaoneka kwambiri pa zotsatsa. Icon of the Seas ya kampani ya Royal Caribbean, imene inayamba maulendo ake ku Miami mu Januwale 2024, ndi yaitali mamita 365 ndipo ikadzaza imanyamula apaulendo 7,600, osawerengera ogwira ntchito oposa 2,300. Muli madziwe osambira angapo, bwalo lotsetsereka pa madzi oundana, malo odyera ambirimbiri, ngakhale munda wa mitengo yeniyeni pakati pa sitima. Kwa banja la ana, agogo ndi achinyamata pamodzi, sitima zotere n'zovuta kuziposa. Aliyense amapeza chake, mtengo wa usiku umodzi umakhala wotsikirako chifukwa ogawana ndi ambiri, ndipo mafunde samveka kwambiri. Kuipa kwake ndi khamu. Mudzadikira chikepe, mudzadikira potsika, ndipo mukafika pa kachilumba kakang'ono mudzatsikira limodzi ndi anthu zikwizikwi. Madoko ena salola n'komwe sitima zoterezi. Kuyambira mu Ogasiti 2021, boma la Italy linaletsa sitima zazikulu kudutsa mu ngalande ya Giudecca pakati pa mzinda wa Venice, moti mukaona dzina la Venice pa ndandanda ya sitima yaikulu, fufuzani bwino, mwina ikukocheza ku Marghera, ku Trieste kapena ku Ravenna.

Sitima zapakatikati, za anthu kuyambira 1,000 mpaka 2,500, ndi zimene ndingalangize munthu wamkulu amene akukwera koyamba popanda ana. Zosangalatsa zilimo zokwanira, koma pofika tsiku lachiwiri mumakhala mutadziwa njira yopita kuchipinda chanu, ndipo woperekera chakudya amayamba kukuzindikirani nkhope.

Queen Mary 2 ya kampani ya Cunard ili payokha. Inayamba ntchito mu 2004 ndipo inamangidwira kuwoloka nyanja ya Atlantic, ndi thupi lolimba komanso mphuno yosongoka yong'amba mafunde. Ulendo wake wa pakati pa Southampton ndi New York umatenga mausiku 7 osaima padoko lililonse. Ndi wa anthu okonda kuwerenga, kumvera nkhani za akatswiri, kuvala bwino madzulo ndi kungoyang'ana madzi. Ngati masiku awiri osaona mtunda akukusowetsani mtendere, ulendowu si wanu.

Sitima za mumtsinje n'zosiyana kotheratu. Za pa Rhine ndi Danube zimakhala zazitali pafupifupi mamita 135 koma zopapatiza, mamita 11 ndi pang'ono, kuti zithe kulowa m'zipata zokwezera ndi kutsitsa sitima za pa ngalande yolumikiza mitsinje ya Main ndi Danube, imene inatha kumangidwa mu 1992. Zambiri zimanyamula anthu osapitirira 200. Mafunde kulibe, mtunda umaoneka mbali zonse tsiku lonse, ndipo sitima imakocheza m'kati mwenimweni mwa mzinda, monga ku Budapest, kumene mumangotsika n'kuyamba kuyenda wapansi. Koma mtsinje uli ndi zake. Madzi akachepa, monga zinachitikira pa Rhine mu 2018 ndi mu 2022, kapena akasefukira moti sitima singadutse pansi pa milatho, mbali ina ya ulendo mumaiyenda pa basi. Za ana zilimo zochepa kwambiri, ndipo kampani ya Viking silandira n'komwe osakwana zaka 18. Pa mtsinje wa Nile, ulendo wa pakati pa Luxor ndi Aswan umatenga mausiku 3 kapena 4, kuima pa akachisi akale a ku Edfu ndi Kom Ombo.

Zilipo sitima zing'onozing'ono zolimba zopita kumalo ozizira kwambiri. Amene mukulota za Antarctica, dziwani lamulo ili musanalipire: sitima yonyamula anthu oposa 500 siiloledwa kutsitsa munthu kumtunda, ndipo ngakhale kwa zing'onozing'ono, pamalo amodzi sipaloledwa alendo oposa 100 nthawi imodzi. Ndiye kuti pa sitima yaikulu mudzangoonera patali, pa ya anthu 400 mudzadikira nthawi yanu kwa maola, pomwe pa ya anthu 100 nonse mumatsika limodzi. Kusiyana kwa mtengo kwagona pamenepo, ndipo ine ndikuona kuti ngati mwaganiza zowononga ndalama zochuluka chotero, kuli bwino kudikira chaka china n'kukwera yaing'ono. Ambiri mwa maulendowa amachokera ku Ushuaia m'dziko la Argentina ndipo amadutsa Drake Passage kwa masiku pafupifupi awiri, pamadzi odziwika ndi mafunde aukali.

Kugombe la Norway kuli sitima za Hurtigruten zimene zakhala zikuyenda kuyambira 1893. Pakati pa Bergen ndi Kirkenes zimaima pa madoko 34, zitanyamula katundu ndi eni dera pamodzi ndi alendo. Pa madoko ena zimangoima mphindi zochepa. Zisudzo mulibe, chokopa chake ndi mapiri ndi madzi.

Pali kawerengedwe kamodzi kothandiza kudziwa ngati mudzapanikizana. Pa tsamba la sitima iliyonse amalemba gross tonnage, umene ndi muyeso wa malo a m'kati mwa sitima, osati kulemera kwake. Gawani nambala imeneyo ndi chiwerengero cha apaulendo. Icon of the Seas, ya pafupifupi 250,000, ikadzaza imapereka 33. Queen Mary 2, ya pafupifupi 150,000 ndi anthu pafupifupi 2,700, imapereka pafupifupi 55. Nambala ikakwera, ndiye kuti mpata ulipo.

Gwirizanitsani dera ndi nyengo

Ku Caribbean nyengo yabwino ndi kuyambira Disembala mpaka Epulo. Nyengo ya anamondwe pa Atlantic imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala, ndipo mitengo imatsika nthawi imeneyi pa chifukwa chomwecho. Sitima imatha kuzemba namondwe, koma kuzembako kumasintha madoko, ndipo mgwirizano umene mumavomera pogula tikiti umapatsa kampani mphamvu yosintha njira. Ku Mediterranean, Julayi ndi Ogasiti kumatentha ndipo anthu amachuluka, pomwe Meyi, Juni, Sepitembala ndi Okutobala kumayendeka bwino. Alaska ndi Meyi mpaka Sepitembala, Antarctica ndi Novembala mpaka Malichi, ndipo sitima zochokera ku Durban ndi Cape Town kupita kugombe la Mozambique kapena Namibia zimayenda kwambiri pakati pa Novembala ndi Epulo.

Za kutalika kwa ulendo, mausiku 7 ndi abwino kuyambira. Maulendo a mausiku 3 kapena 4 akumapeto kwa sabata amakonda kudzaza anthu obwerera phwando, ndiye musaweruze maulendo onse a pa sitima potengera amenewo.

Werengani ndandanda ya madoko mofatsa

Musangowerenga mayina a mizinda. Onani ola lofika ndi ola lonyamuka. Onaninso mtunda wochokera padoko kukafika kumene mukufuna. Pakalembedwa Rome, sitima imaima ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kuchokera mumzindawo, ndipo kupita ndi kubwerera kukudyerani maola oposa awiri. Florence amafikirako kuchokera ku Livorno, komwenso n'kutali ndithu. Athens ndiye ali pafupi ndi doko lake la Piraeus.

Malo ena, monga Santorini, sitima siifika kugombe. Imaima pakati pa madzi ndipo anthu amawatsitsa ndi maboti ang'onoang'ono. Kukachita mphepo, kutsikako kumalephereka tsiku lonse. Ngati muli ndi munthu woyenda pa njinga ya olumala kapena wamiyendo yofooka, werengani kuti madoko otere alipo angati pa ulendowo.

Sankhani chipinda muli ndi mapu a sitima m'manja

Zipinda zilipo za mitundu inayi: cham'kati chopanda zenera, cha zenera losatseguka, cha khonde, ndi chachikulu chokhala ndi pochezera. Cham'kati n'chotsika mtengo ndipo mumagona tulo tabwino chifukwa mumakhala mdima bii, kotero ngati tsiku lililonse mudzakhala kumtunda, n'chokwanira. Khonde limapindulitsa kumene zooneka zili m'njira, monga ku Alaska ndi ku Norway.

Chofunika kuposa mtundu wa chipinda ndi malo ake. Amene mumachita nseru paulendo, sankhani chapakati pa sitima, pa nsanjika yam'munsi, chifukwa kutsogolo ndi pamwamba ndi kumene kumagwedezeka kwambiri. Kenako tsegulani mapu a nsanjika zonse muone chimene chili pamwamba panu ndi pansi panu. Pansi pa dziwe losambira mudzadzutsidwa m'mamawa ndi mipando imene ogwira ntchito akukoka. Pamwamba pa malo ovinira mudzamva ng'oma mpaka pakati pa usiku. Chipinda chabwino chimakhala ndi zipinda zinzake pamwamba ndi pansi. Mukaona cha zenera chotsika mtengo modabwitsa, funsani ngati boti lopulumutsira anthu silinatchinge zeneralo.

Tsopano werengerani mtengo weniweni

Mtengo wotsatsidwa umakhala wa munthu mmodzi pa chipinda chogona awiri. Woyenda yekha nthawi zambiri amalipira pafupifupi mtengo wa anthu awiri, pokhapokha sitimayo ikhale ndi zipinda za munthu mmodzi. Pa mtengowo onjezerani msonkho wa madoko, ndalama yothokozera ogwira ntchito imene makampani ambiri amaiika pa bilu yanu tsiku ndi tsiku, zakumwa, intaneti, malo odyera apadera, maulendo akumtunda, ndege ndi hotela. Mukaphatikiza zonse, nthawi zina mumapeza kuti sitima yooneka yodula, imene inaika zambiri mwa izi mu mtengo wake, sikusiyana kwenikweni ndi yotchipa ija. Lembani zonse papepala, sitima ziwiri kapena zitatu moyandikana, musanapereke ndalama yoyamba.

Mapepala ndi thanzi

Makampani ambiri amafuna pasipoti yotsala ndi miyezi 6 kuchokera tsiku lotha ulendo. Kawirikawiri viza imafunika pa dziko lililonse limene sitima ikuima ngati pasipoti yanu imafuna viza kumeneko, ndipo nthawi zambiri kunena kuti simudzatsika sikuthandiza. Opanda mapepala okwanira amabwezedwa padoko ndipo ndalama sibwerera. Amayi oyembekezera salandiridwa mimba ikafika masabata 24, ndipo makampani ambiri amafuna kuti makanda akhale atakwanitsa miyezi 6. Chipatala cha m'sitima n'cholipira, choncho gulani inshulansi yotchula maulendo a pa sitima komanso kunyamulidwa mwadzidzidzi kupita kuchipatala cha kumtunda. Mankhwala anu akhale m'chikwama cham'manja, pakuti masutikesi amafika kuchipinda patapita maola.

Tsiku lokwera ndi masiku a padoko

Fikani mumzinda wa doko tsiku limodzi ulendo usanayambe. Ndege ikachedwa, sitima sidikira. Mukakwera mudzaitanidwa kukaphunzira za chitetezo, kuona malo anu osonkhanira ndi kavalidwe ka jekete yoyandamitsa. Ngozi ya Costa Concordia mu Januwale 2012, imene inapha anthu 32, itachitika, lamulo linasinthidwa kuti phunziroli lizichitika sitima isananyamuke kapena itangonyamuka. Pitani ndipo mvetserani.

Foni yanu ichotseni pa netiweki sitima ikalowa pakati pa nyanja, chifukwa netiweki ya m'sitima imadula koopsa. Mukatsika padoko panokha, tsatirani wotchi ya sitima, imene nthawi zina imasiyana ndi ya dzikolo, ndipo lembani nambala ya woimira kampani padokopo, yomwe imapezeka pa pulogalamu ya tsikulo. Basi ya ulendo wokonzedwa ndi sitima ikachedwa, sitima imadikira kapena kampani imakufikitsani padoko lotsatira. Mukachedwa panokha, ulendo wokaipeza sitimayo mumalipira nokha, ndiye bwererani kukadali ola lathunthu nthawi yotseka chipata isanakwane.