Mmene mungaonere La traviata koyamba osasochera

La traviata ndi opera, sewero limene anthu amaimba m'malo molankhula. Musanayambe kuonera, dziwani anthu atatu okha. Violetta Valéry ndi mkazi wa ku Paris wosungidwa ndi amuna olemera, ndipo akudwala chifuwa chachikulu. Alfredo Germont ndi mnyamata wa ku Provence amene akumufuna ndi mtima wonse. Wachitatu ndi bambo a Alfredo, Giorgio Germont. Mudzawasiyanitsa ndi makutu: Violetta ndi soprano, mawu okwera a mkazi, Alfredo ndi tenor, mawu okwera a mwamuna, bambowo ndi baritone, mawu otsikirapo.

Nyimbo zake anapeka ndi Giuseppe Verdi, mawu analemba ndi Francesco Maria Piave, potengera sewero la Alexandre Dumas wamng'ono lochokera pa moyo wa Marie Duplessis, mkazi wa ku Paris wosungidwa ndi amuna olemera, amene anamwalira mu 1847 ali ndi zaka 23. Anaionetsa koyamba ku nyumba ya zisudzo ya La Fenice mumzinda wa Venice pa 6 Marichi 1853, koma sinayende bwino. Verdi ankafuna kuti oimba avale zovala za masiku akewo, oonera adzione okha, koma akuluakulu anakankhira nkhaniyo kumbuyo, cha m'ma 1700. Inadzakondedwa mu 1854 ku San Benedetto, nyumba ina ya zisudzo ku Venice komweko. Choncho mukaona oimba atavala masuti amakono musadabwe.

Sankhani kanema wokhala ndi mawu omasulira pansi, popeza amaimba m'Chitaliyana, ndipo patulani maola awiri ndi theka. Musadumphe nyimbo yotsegulira. Mavayolini oonda oyambirirawo abwereranso pa gawo lachitatu, Violetta ali chigonere, ndipo nyimbo yotsatirayo ndi imene adzaimbe potsanzikana ndi Alfredo, "Amami, Alfredo".

Gawo loyamba ndi losavuta: phwando, nyimbo ya vinyo, duwa limene Violetta apatsa Alfredo kuti adzalibweze likafota.

Ambiri amataya ulusi pa gawo lachiwiri, ndipo apa ndiye pali mtima wa sewero lonse. Tsatirani ndalama. Awiriwa akhala kumudzi miyezi itatu, koma wolipira zonse ndi Violetta, mpaka watuma wantchito wake Annina kukagulitsa akavalo ndi ngolo. Bambo Germont afika akuganiza kuti mkaziyu akudyera mwana wawo, iye awaonetsa mapepala a katundu amene akugulitsa. Ngakhale atero, bambowo amupempha kuti amusiye Alfredo, chifukwa ukwati wa mlongo wake uli pangozi kaamba ka mbiri ya Violetta. Kukambirana kwawoko n'kwakutali, ndipo wosamvetsa chimene akupemphana amatopa nako. Mverani mmene Violetta akukanira mwamphamvu, kenako n'kugonja ndi mawu apansipansi pa "Dite alla giovine". Mukagwira zimenezi, mudzamva kuwawa kwake pamene Alfredo, wosadziwa chifukwa chimene wasiyidwira, atapambana njuga pa phwando la Flora, mnzake wa Violetta, amuponyera ndalama pagulu ati akubweza ngongole.

Pa gawo lachitatu Violetta watsala ndi ndalama zagolide 20 zokha zotchedwa louis, ndipo 10 azipereka kwa osauka. Kalata ya bambo Germont amaiwerenga molankhula, osati moimba, ndiye tcherani khutu. Alfredo afika, koma nthawi yatha kale.

Mukayerekeza makanema awiri mupeza kusiyana. Ambiri amadula ndime yachiwiri ya "Addio del passato", nyimbo ya Violetta ya pa gawo lachitatu, ndipo mawu okwera kwambiri amene oimba ena amamalizira nawo "Sempre libera", nyimbo ya Violetta yotsekera gawo loyamba, Verdi sanawalembe. Woimba amene wawasiya sanalephere ayi.