Mukasamukira ku yunivesite ya ku Tete muli pakati pa maphunziro

Kwathu ndi ku Ulongwe, ku Angonia. Zaka ziwiri zoyamba ndinaphunzira ku Beira, koma bambo atayamba kudwaladwala ndinapempha kusamukira mumzinda wa Tete, kuti akandiitana ndizikwera chapa (minibasi) m'mawa n'kukafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Masukulu aukachenjede kuno alipo: ISPT imene imadziwika ndi za migodi, nthambi ya zaumoyo ya UniZambeze, UniPúnguè, ndi Katolika. Kulikonse kumene mungalowe, dziwani kuti wosamuka salandiridwa ndi munthu. A chaka choyamba amawaonetsa malo onse, akale amadziwana kale, inu mumangofika ngati mlendo wobwera pakati pa maliro, aliyense ali ndi chochita.

Yambani ndi mapepala musanatsanzike n'komwe. Nkhani yonse yagona pa ekivalensiya, kutanthauza kuti sukulu yatsopano ivomereze kuti makadeira (maphunziro a pa kosi) amene munakhoza kale akufanana ndi awo. Chikalata cha mamakisi pachokha sichikwanira. Pa kadeira iliyonse tengani pulogalamu yake, ija imene imalemba mitu yonse imene munaphunzira, maola ake ndi makirediti ake, ndipo pakhale chidindo cha sukulu. Amene amaunika sayang'ana dzina la kadeira, amaika pulogalamu yanu ndi yawo pambali n'kumafananiza mutu ndi mutu. Ine ndinabwera ndi mapulogalamu onse kupatula ya Estatística. Mnzanga wa ku Beira anandithamangira, koma pamene inkafika nthawi yopempha inali itatha, ndipo ndinabwereza semesita yathunthu kadeira imene ndinakhoza ndi 15 pa 20. Mpaka lero zimandiwawa. Chitani fotokope pepala lililonse kawiri, mujambulenso pa foni, ndipo mukapereka mapepala ku registo académico, ofesi yosunga kaundula wa ophunzira, musachokepo osalandira kapepala kosonyeza tsiku limene mwapereka.

Yankho la ekivalensiya likatuluka mudzapeza kuti simuli m'chaka chimodzi. Ine ndinali wa chaka chachitatu pa makadeira anayi, wa chaka chachiwiri pa awiri. Pali makadeira ena amene simungalembetse musanakhoze oyambirira ake, choncho khalani pansi ndi mkulu wa kosi, ndandanda za maola ziwiri zili patebulo, muone pamene zikuwombana musanalipire kalikonse. Ngati ziwiri zagwera ola limodzi, sankhani imene ikutsekereza ina kutsogolo. Musanyamule zambiri pofuna kupeza anzanu. Semesita yoyamba imadya mphamvu m'njira zimene sizilembedwa pa ndandanda.

Tsopano chimene ndikufuna mugwire kwambiri. Tsiku loyamba lomwelo funsani kuti chefe wa turma, mtsogoleri wa ophunzira a m'kalasi, ndi ndani, ndipo ngati muli m'magulu awiri, mufunefune onse awiri. Aphunzitsi salankhula ndi ophunzira mmodzimmodzi. Akasintha chipinda, akasuntha tsiku la mayeso, akasiya mapepala oti achitidwe fotokope, amauza chefe, iye n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Amene sali pa gulupo ali mumdima. Lolemba langa loyamba ndinakhala m'chipinda chimene chinalembedwa pa ndandanda kuyambira 7 koloko, ndekhandekha, fani ikungozungulira pamwamba. Patapita nthawi analowa mayi wina wosesa, ndowa kumanja, nandiyang'ana.

"Mwanangu, ukudikira ndani? Anzako ali kuseri uko kuyambira kale."

"Zikomo amayi, ndine mlendo."

Anasiya ndowa yawo pakhomo n'kundiperekeza mpaka pa chitseko. Potuluka ndinaima pakhomopo kudikira mnyamata amene ndinaona akutolera pepala la maina. Ndinati, "Achimwene, ndasamuka kuchokera ku Beira, ndiikeniko pa gulu." Anatenga foni yanga, nalemba nambala yake yekha. Madzulo ake ndinapeza mauthenga a masabata awiri, pamodzi ndi tsiku la mayeso oyamba limene sindinkalidziwa.

Chefe yemweyo mumpemphe akulowetseni m'kagulu ka ntchito. Timagulu timeneti tinapangidwa kalekale, anthu anazolowerana, ndipo palibe amene adzakuitaneni. Mukalowa, tengani gawo lolemera pa ntchito yoyamba n'kulimaliza nthawi isanakwane. Ndi mmene anzanga anayambira kundisungira mpando. Pakamwa pokha samalani: mawu akuti "kumene ndachokera tinkachita chonchi" amatopetsa anthu msanga, ngakhale muli ndi mfundo.

Dzina lanu likhoza kuchedwa kulowa pa mndandanda wa mphunzitsi. Muuzeni yekha pamaso, muzisayina pepala la opezeka tsiku lililonse, ndipo pauta (mndandanda wa mamakisi) ya mayeso oyamba ikangotuluka onani ngati mulipo. Mukasowa pamenepo pitani ku ofesi tsiku lomwelo. Kudikira mpaka kumapeto kwa semesita n'kudzipalira mavuto.

Za pogona, funsani kaye kuti makalasi anu ali tsidya liti la Zambezi. Matundo ndi Chingodzi zili tsidya la ku Moatize, pakati pa mzinda pali tsidya linalo, ndipo kuwoloka mlatho wa Samora Machel m'mawa ndi madzulo kumadya ndalama ya chapa ndi nthawi yomwe. Poona chipinda musafunse lendi yokha. Funsani kuti madzi amatuluka nthawi yanji, yang'anani ngati pali zenera loyang'anizana ndi chitseko, ndipo mupiteko masana dzuwa lili paliwombo kuti mumve mmene malata amatenthera. Ife a ku Angonia tinakulira m'majuzi, kutentha kwa kuno sitikudziwa. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Ine ndinasiya kuwerenga masana. Ndimadzuka 4 koloko mbandakucha, ndiwerenge maola awiri mutu ukadali wozizira, ndipo botolo la madzi silichoka m'chikwama.

M'kalasi ndi Chipwitikizi, koma pamsika ndi m'chapa mudzamva Chinyungwe. Musachite nacho manyazi, ndi chapachibale ndi chathu. Mukayankha m'Chichewa amakumvani, ndipo pakatha mwezi khutu limatseguka lokha. Mayi amene ndimagulako masau ndi nsomba zouma anayamba kundiikira basera tsiku limene ndinawapatsa moni woti "muli tani".

Kwa ife amene tasamuka kuti tiyandikire kwathu, mtima umafuna kukwera chapa Lachisanu lililonse. Mwezi woyamba dziletseni, pokhapokha ngati kunyumba kwavutadi, chifukwa ntchito za m'magulu zimachitika Loweruka. Ine ndinagwirizana ndi amayi kuti ndizipita kamodzi pamwezi, masiku enawo tizilankhula pa foni madzulo bambo akamwa mankhwala. Pobwerera amandimangira kathumba ka mbatatesi, ndipo theka lake ndimakasiya kunyumba kumene kagulu kathu kamakumana.