Thiraki ya otomatiki ikakana giya, yambani apa musanatsitse giyabokosi

Thiraki ikangokana kulowa giya ambiri amathamangira kunena kuti giyabokosi yafa, chonsecho nthawi zambiri vuto limakhala la mpweya kapena magetsi basi. I-Shift ya Volvo, Opticruise ya Scania, PowerShift ya Mercedes-Benz, TraXon ya ZF, zonsezi mkati mwake ndi giyabokosi wamba yokhala ndi kilatchi, kungoti woyendetsa kilatchiyo ndi kompyuta ndipo magiya amakankhidwa ndi mpweya, wochokera mu kompuresa yomweyo ya mabuleki.

Choyamba imikani pabwino, kokani handibuleki, ikani pa N, zimitsani injini mudikire mphindi ziwiri kapena zitatu kuti kompyuta izimiretu kenako lizaninso. Zimaoneka ngati zachibwana koma nthawi zina zimathera pomwepo. Musanazimitse jambulani ndi foni zomwe dashibodi yalemba, makamaka manambala a SPN ndi FMI, chifukwa SPN imatchula chipangizo chomwe chadandaula pomwe FMI imanena mtundu wa vutolo.

Kenako yang'anani geji ya mpweya. Apa ndiye pofunika kufatsa. Mpweya ukachepa giya silowa, ingoima pa N nkumaphethira, ndiye siyani injini ilire mpaka matanki adzaze, muzimitse nkumvetsera ngati pena pakumveka tsiii. Pomwe mukukayikira pakanipo madzi a sopo, pakatuluka thovu ndi pomwepo. Kokaninso valavu ya pansi pa thanki, kukatuluka madzi kapena oyilo dziwani kuti katiriji ya air dryer, chipangizo chochotsa chinyezi mu mpweya, yatha ndipo dothi limenelo ndi lomwe likumata mavalavu a pa giyabokosi, mukangosintha mavalavuwo osasintha katiriji mudzabwereranso kugalaja ndi vuto lomweli.

Mpweya ukakhala bwino pitani ku mabatire. Pa thiraki ya 24V mita yoyezera magetsi iziwerenga cha m'ma 25 injini ili chete, cha m'ma 28 ikulira. Mateminolo akhale olimba opanda zoyera zija, waya wa eti, wolumikiza batire ku chasisi, nayenso musamuiwale. Onani mafyuzi, mulondole mawaya opita ku giyabokosi ngati sanakhulike pa chasisi, muzule pulagi muone ngati simunalowe madzi. Sensa ya liwiro nayo ikadzadza tizitsulo imanamiza kompyuta, ipukuteni. Oyilo wa mu giyabokosi muoneretunso pamalo osapendekeka.

Thiraki ikamanjenjemera ponyamuka, kapena mukumva fungo lopserera, pamenepo kayikirani kilatchi. Ndipo madalaivala tinenane zoona, kugwira thiraki yodzadza katundu pachitunda ndi mafuta m'malo mwa buleki ndi kumene kumaotcha kilatchi, poti pedulo ya kilatchi palibe sindiye kuti kilatchi mulibe ayi. Akakuikirani yatsopano uzani makaniko apange calibration ndi kompyuta, kutanthauza kuchuna kuti kompyuta ya thiraki iizolowere kilatchi yatsopanoyo, apo ayi izingodumpha ngati yakale yomwe.

Zonsezi zikakanika ndi pomwe muitane wa makina oyezera. Ngati nkofunika kuikoka, masulani kaye propshaft, chitsulo chopititsa mphamvu kuchoka ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo, kapena muchotse ma half shaft, zitsulo zozunguza matayalawo, chifukwa pampu ya oyilo ya mu giyabokosi sizungulira injini ikazima, ndiye mukaikoka choncho mabeyaringi amayenda owuma nkupsa, vuto lija linali la waya mmodzi nkusanduka la giyabokosi yonse.